Nyama ya m'tchire: tifunse kaye mmene inafera

Misewu yotsika kuchokera ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi imatibweretsera zabwino zambiri ife a m'mbali mwa nyanja: chimanga, mtedza, mbatata ndi soya. Koma m'matumba ena, pansi pa katundu wooneka, mumabisika nyama yowamba yomwe amagulitsa monong'ona. Wogulitsa amati ndi gwape kapena mbawala, mtengo wake ndi wofatsa, ndipo pakhomo pomwe ndiwo zavuta mtima suchedwa kukopeka. Ife tikuti nyama yoteroyo isalowe mumphika wathu, popeza palibe amene angatiuze moona kuti inali nyama yanji, inafa bwanji, komanso ngati inali yamoyo wabwino.

Tiyambe ndi dzina lake. Nkhalango ya Ntchisi ndi nkhalango yosungirako nyama ya Nkhotakota, yomwe yachita malire ndi boma la Ntchisi, muli agwape ndi mbawala, komanso muli nguluwe ndi anyani. Nyama ikasendedwa, kudulidwa m'mizere ndi kudetsedwa ndi utsi, diso silingasiyanitse gwape ndi nguluwe. Nguluwe ndi nkhumba ya m'tchire. Banja lomwe silingakhudze mbale yomwe munali nkhumba lingathe kuidya mosadziwa, litaigula ndi ndalama yake.

Chachiwiri ndi kafedwe kake. Chisilamu sichinaletse kusaka, koma chinakuikira malire. Mu Surah Al-Ma'idah, ndime 3 ndi 4, mwafotokozedwa kuti nyama yofa yokha, yofa ndi kupotoledwa, kumenyedwa, kugwa kapena kugundidwa ndi inzake ndi yoletsedwa pokhapokha ipezedwe ikadali moyo n'kuzingidwa, ndipo mlenje atchule dzina la Allah. Tsono nyama yambiri yophedwa mozemba imagwidwa ndi misampha ya waya. Waya umaikola pakhosi kapena pamwendo, nyamayo n'kumaphupha mpaka kufa, ndipo wotchera amafika mwina patapita tsiku kapena masiku awiri. Chimenecho ndi chibudu, ngakhale wogulitsa alumbire motani.

Chachitatu, chomwe ambiri sitichiganizira, ndi matenda. Alenje a maiko akutali aphunzirapo kanthu komwe kangatithandize. Ku America ndi ku Canada anthu ambiri amasaka nyama yotchedwa deer, yomwe maonekedwe ake ndi ngati a mbawala yathu, ndipo amasaka ndi chilolezo cha boma. M'chaka cha 1967, m'chigawo cha Colorado, nyamazi zinayamba kuoneka ndi nthenda yomwe lero imatchedwa chronic wasting disease. Nthendayi imadya ubongo: nyama imaonda, imachucha dovu, imayenda modzandira, imasiya kuopa anthu, mapeto ake n'kufa. Ilibe mankhwala kapena katemera. Choopsa chake n'chakuti nyama imatha kukhala nayo kupitirira chaka ikuoneka yonenepa ndi yamphamvu, ndipo chomwe chimaiyambitsa sichitha ndi moto wa pamafuwa. Mu 2016 inapezeka ku Norway, ndipo boma la kumeneko linapha gulu lonse la nyama pafupifupi 2,000 za m'dera la Nordfjella pofuna kuiletsa kufala.

Mpaka lero palibe munthu amene zatsimikizika kuti anaitenga, ndipo nthendayi sinapezekepo muno mu Africa. Komabe azaumoyo ku America amalangiza alenje kuti asadye nyama yooneka yodwala, avale magolovesi posenda, apewe ubongo ndi msana, ndipo m'madera omwe muli nthendayi akayezetse nyama asanaidye. Mlenje amene waipha yekha nyamayo, waiona ikuthamanga ndi maso ake, amadikirabe zotsatira za kuyeza. Nanga ife amene tangolandira chidutswa chakuda chokulungidwa m'pepala, tikudalira chiyani?

Kwathu kuno mdani wapafupi ndi nthenda ya anthrax. Chakumapeto kwa 2018 mvuu zambiri zinafa mumtsinje wa Shire, m'nkhalango ya Liwonde, ndipo akatswiri atayeza anapeza kuti inali anthrax. Mu 2011, m'boma la Chama ku Zambia, mvuu zoposa 80 zinafa mumtsinje wa Luangwa. Anthu anasenda ndi kudya nyamayo. Oposa 500 anadwala, asanu anamwalira. Ambiri mwa iwo anali anthu wamba omwe anaona ngati ndiwo zabwera zokha m'nyengo ya usiwa.

Tizilombo ta anthrax timakhala m'dothi zaka makumi ambiri, ndipo nyama yodya msipu imatitenga makamaka m'chilimwe pamene ikudya udzu wa pafupi ndi nthaka. Imafa mwadzidzidzi, imatupa msanga, ndipo kawirikawiri magazi akuda osagwirana amatuluka m'mphuno, m'kamwa ndi kumbuyo. Kuyanika, kuthira mchere kapena kuwamba sikupha tizilomboti. Wosenda ndi wophika amatha kutuluka chilonda chakuda pakati chotupa m'mbali, ndipo wodya amatha kudwala m'mimba koopsa. Mankhwala ake alipo ndipo amathandiza munthu akafika msanga kuchipatala. Nyama yodwala ndiyo imavutanso kuthawa, choncho ndi yomwe agalu amayamba kugwira, ndi yomwe otola amaipeza itagona m'thengo.

Tikudziwa yankho la ena: nyama ya kubutchala yakwera mtengo, ana amafunanso kulawa, ndipo wotchera misampha uja ndi wosauka ngati ife. Zonsezi n'zoona. Koma kutchipa kwa tsiku limodzi kungatidyere ndalama ya mayendedwe a kuchipatala, masiku a kumunda ndi kunyanja, mwinanso moyo wa mwana. Ndipo wotcherayo sitimuthandiza pomugula. Lamulo loteteza nyama zakutchire, lomwe linakhwimitsidwa mu 2017, limalanga wopha, wogulitsa ndi wopezeka ndi nyamayo popanda chilolezo, ndipo pa milandu ikuluikulu chilango chimafika zaka 30 m'ndende. Ndalama yathu ndiyo imamubwezera kutchire. Nkhalango ya Nkhotakota inatsala pang'ono kutha nyama chifukwa cha kupha mozemba, mpaka bungwe la African Parks litayamba kuiyang'anira mu 2015 linachita kusamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete.

Tichite chiyani tsono? Tigule nyama kwa wozinga amene tikumudziwa, pamalo pomwe alangizi a ziweto amayendera. Tikasowa, usipa, utaka, nyemba ndi nkhuku ya pakhomo n'zokwanira. Tikapeza nyama yakufa m'thengo kapena m'mphepete mwa madzi, tisaisende, tisalole ana kapena agalu kuiyandikira, ndipo tikauze amfumu, mlangizi wa ziweto kapena a nthambi yoona za nyama zakutchire. Masheikh athu alankhulepo m'mizikiti, amayi akambirane m'magulu awo a dawa, popeza manja a amayi ndiwo amayamba kugwira nyama ikafika pakhomo.

Malamulo a zakudya anatiphunzitsa kufuna chomwe chili halaal komanso chabwino kwa thupi, zonse ziwiri pamodzi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Wogulitsa akalephera kutiuza kuti nyama ndi yanji, anaizinga ndani ndipo anaiyeza ndani, tim'bwezere thumba lake mwaulemu.