Kufunafuna Otayika M'mapiri Kumayamba Ndege Isananyamuke

Aliyense amene adayendapo pa msewu wa M1 pakati pa Jenda ndi Mzuzu m'miyezi yozizira akudziwa kuti mapiri a Viphya sachita chibwana, pakuti chifunga chikatsika m'nkhalango ya Chikangawa, woyendetsa galimoto amayatsa nyali dzuwa lili paliwombo, ndipo ngakhale mitengo ya paini yoyandikana ndi msewu imazimirira m'maso mwake. M'dera limeneli ndi momwe, Lolemba pa 10 Juni 2024, mudagwera ndege ya asilikali a dziko lino ya mtundu wa Dornier 228, itanyamula anthu 9, pakati pawo Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Klaus Chilima, ndi mayi Shanil Dzimbiri amene adakhalapo mayi wa fuko, onse ali pa ulendo wokaperekeza malemu Ralph Kasambara kwawo ku Nkhata Bay. Maliro tidalira, masiku 21 achisoni tidasunga, ndipo akufa tidawaika ndi ulemu wowayenera. Koma ife a nyuzipepala ino tikuona kuti pali ngongole imodzi imene mtundu wathu sudabwezebe, ndiyo kudzifunsa moona mtima chifukwa chake kudatitengera usana, usiku ndi m'mawa wina kuti tipeze anthu amene adagwera m'dziko lathu lomwe.

Ndegeyo idanyamuka pa bwalo la Kamuzu ku Lilongwe nthawi ya 9:17 m'mawa, ndipo imayembekezeka kutera ku Mzuzu 10:02, koma pokhala kuti mitambo idali itaphimba dera lonselo, siidathe kutera, ndipo posakhalitsa oyang'anira kayendedwe ka ndege adasiya kuimva. Asilikali, apolisi ndi alonda a nkhalango, mazanamazana, adalowa m'tchire. Mtsogoleri wa dziko wa nthawi imeneyo, Dr Lazarus Chakwera, adalepheretsa ulendo wake wa ku Bahamas nalankhula ku mtundu usiku womwewo. Mayiko a America, Britain, Norway ndi Israel adalonjeza thandizo. Chimene chidalozera ofunafunawo kolowera chidali nsanja ya mafoni a m'manja, imene idasonyeza kuti ayenera kusakasaka dera la makilomita 10 kuzungulira malo ena pafupi ndi fakitale ya matabwa ya Raiply. Wosadziwa nkhalango angaganize kuti makilomita 10 ndi pafupi, koma munthu amene adakwerapo zitunda zimenezo, nsapato zikuterera pa masamba onyowa a paini, zala zitauma ndi chisanu, tochi ikuwala mikono yowerengeka yokha patsogolo pake, adzachitira umboni kuti ndi dziko lalikulu. Mabwinja a ndegeyo adapezeka Lachiwiri cha ku Nthungwa, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe wamoyo.

Amuna ndi akazi amene adagona m'chisanu usiku umenewo tikuwavulira chipewa, ndipo palibe mawu m'ndime zino amene akunyoza thukuta lawo. Chimene chikutiwawa n'chakuti adatumidwa kukagwira ndi miyendo ntchito imene, m'masiku ano, imayamba ndi kachipangizo kakang'ono komangiriridwa m'thupi la ndege. Kachipangizoka, kotchedwa ELT, kamadzidzutsa kokha ndege ikamenyetseka, n'kuyamba kufuula pa wailesi, ndipo masetilaiti a dongosolo la Cospas-Sarsat, amene akhala akupulumutsa anthu kuyambira 1982, amamva kulirako natumiza uthenga pansi wonena pamene ngozi yachitikira. Kuyambira pa 1 Febuluwale 2009 masetilaitiwo adaleka kumvera zipangizo zakale za 121.5 MHz, ndipo amamvera za 406 MHz zokha. Tsono akatswiri a bungwe la BFU la ku Germany, amene boma lidawaitana kudzafufuza ngoziyi, adalemba mu lipoti lawo loyamba la Ogasiti 2024 kuti batire la kachipangizo ka m'ndege yathuyo lidatha ntchito m'chaka cha 2004, ndiponso kuti ndegeyo idalibe makina osunga mawu a oyendetsa kapena osunga mbiri ya ulendo. Zaka 20 zathunthu, ndege yonyamula atsogoleri a dziko idauluka pamwamba pa mapiri ndi nyanja yathu ili ngati anamwali opusa a m'fanizo lija la m'Baibulo, amene adatenga nyali koma osatenga mafuta, nazindikira kusowa kwawo pakati pa usiku, nthawi yogula itatha.

Alipo amene adzati zonsezi n'zopanda phindu, popeza ofufuza adapeza kuti onse adafera pomwepo, kotero kuti ngakhale opulumutsa akadafika m'kanthawi kochepa sakadadzutsa munthu. Mawu amenewa ndi oona, koma ali ndi msampha, chifukwa wofunafuna sadziwa zimenezo kufikira atafika pamalopo, ndipo mbiri ikutiphunzitsa kuti phiri silimeza onse nthawi zonse. Pamene ndege ya Mtsogoleri wa Mozambique, Samora Machel, idagwa ku Mbuzini m'mapiri a Lebombo pa 19 Okutobala 1986, ena mwa okwera adatuluka amoyo m'mabwinjamo, ali ovulala, nadikira thandizo mu mdima. Ku mapiri a Andes mu 1972, ndege ya asilikali a Uruguay idagwa ndi anthu 45. Ofunafuna adataya mtima naleka kusaka patangopita masiku ochepa, chonsecho anthu 16 adakhalabe ndi moyo masiku 72, kufikira awiri mwa iwo adatsika phirilo ndi miyendo kukaitana anthu. Wothyoka mwendo kapena wotaya magazi, atagona pa nthaka yozizira ya Viphya m'mwezi wa Juni, moyo wake umawerengedwa m'maola, ndipo tsiku lina wogona pamenepo adzakhala akupuma.

Palinso chilonda china chimene kuchedwa kumasiya, ndicho cha m'mitima ya otsala. Maola amene mtundu udakhala mu mdima, osadziwa chochitika, ndiwo adabala mphekesera zimene mpaka lero sizidazime. Ndipo ngakhale bungwe lofufuza lotsogoleredwa ndi woweruza Jabbar Alide lidanena mu Disembala 2024 kuti silidapeze umboni wa chiwembu, ngakhalenso akatswiri a ku Germany adaloza ku nyengo yoipa ndi kuuluka motsika pakati pa zitunda, ambiri adakanabe kukhutira. Sitikuwaweruza, pakuti pamene palibe mawu ojambulidwa oti anthu amve okha ndi makutu awo, aliyense amadzaza mpatawo ndi mantha ake. Boma limene limaumira ndalama ya batire ndi makina osunga mawu limadzalipira ndi chikhulupiriro cha anthu ake, chimene mtengo wake suwerengeka.

Malamulo a ntchito yofunafuna ndege zotayika si achinsinsi. Pangano la ku Chicago la 1944, limene limalongosola za maulendo a ndege pa dziko lonse, lili ndi gawo lapadera la kufunafuna ndi kupulumutsa, ndipo mwambo wake ndi wakuti ndege ikangokhala chete kapena ikachedwa kufika ndi mphindi 30, oyang'anira ayenera kuyamba kuchitapo kanthu, osadikira kuti mkulu wina adzuke kapena alamule. Koma panganoli silimanga ndege za asilikali, ndipo apa ndi pamene pali mpata umene tidagweramo. Pakuti ngati lamulo la mayiko silifikako, ndiye kuti lamulo lathu lomwe ndi limene liyenera kufikako. Moyo wa msilikali woyendetsa ndege si wotsika mtengo kuposa wa mlendo wokwera ndege ya malonda, ndipo chinsinsi cha usilikali chisakhale chofunda chobisira zipangizo zakufa.

N'chifukwa chake tikupempha zinthu zomveka, zimene sizili pamwamba pa mphamvu za dziko losauka. Ndege iliyonse ya boma ikhale ndi kachipangizo ka 406 MHz kamoyo ndi kolembetsedwa, ndipo isaloledwe kunyamuka popanda umboni wolembedwa wakuti kayesedwa. Pakhale likulu limodzi logwirizanitsa asilikali, apolisi, a zaumoyo, a zanyengo ndi makampani a mafoni, losagona usana ndi usiku, lokhala ndi mphamvu yoyamba ntchito popanda kupempha chilolezo kwa andale, pakuti mutu umodzi susenza denga, koma mitu yambiri yopanda wotsogolera imangopingana. Achinyamata amene aphunzira kuulutsa tindege topanda munthu pa sukulu ya African Drone and Data Academy, imene idatsegulidwa m'dziko muno mu 2020, alembedwe m'kaundula wa oitanidwa pa ngozi. Koposa zonse, mafumu, alonda a nkhalango, ocheka matabwa ndi otsogolera alendo m'mapiri, amene amadziwa khwalala lililonse ndi khwawa lililonse, aphunzitsidwe, apatsidwe nambala yoimbira, ndipo aziyeserera pamodzi ndi asilikali chaka ndi chaka, ku Viphya, ku Nyika ndi ku Mulanje komwe. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 adatisonyeza kale kuti pofika kwa anthu otsekeredwa ndi matope tidadalira mahelikopita a anansi athu a ku Tanzania ndi Zambia. Kuthokoza tidathokoza, koma mnansi amachokera kutali, ndipo wovulala sadikira.

Akuluakulu adati zengerezu adalinda kwawukwawu. Tikupempha aphungu athu, a mbali zonse za Nyumba ya Malamulo, kuti pokambirana ndondomeko ya zachuma ikudzayi aimirire nafunse nduna yoona za chitetezo, poyera ndi pamaso pa mtundu, kuti mwa malangizo amene ofufuza adapereka ndi angati achitidwa, ndiponso kuti batire la m'ndege iliyonse ya boma lidzatha ntchito liti. Ndipo asavomereze ndalama za unduna umenewo kufikira yankho litaperekedwa molembedwa.