Nyamakazi ku Luembe: cizindikiro ca m'magazi cimene cimathandiza ku Ulaya sicikwanira ku Zambia

Pa 12 October caka ciriconse dziko lapansi limakumbukira tsiku la matenda a nyamakazi. Kwa alimi ndi asodzi a m'dera la Mfumu Yaikulu Luembe, m'cigwa ca Luangwa, bondo lotupa kapena msana wouma zitanthauza munda wosalimidwa ndi banja losowa cakudya. Funso lalikulu nlakuti dokotala wa ku Nyimba kapena ku Petauke angadziwe bwanji mtundu wa nyamakazi imene ikusautsa wodwala.

M'caka ca 1973 akatswiri a ku London ndi ku Los Angeles anapeza kuti cizindikiro ca cibadwa cochedwa HLA-B27 cimayenderana ndi nyamakazi youmitsa msana. Cizindikiro cimeneci munthu amacitengera kwa makolo, ndipo cimakhala pa maselo a thupi pomwe cimathandiza citetezo kuzindikira tizirombo. Mwa azungu odwala matendawa, pafupifupi 9 mwa 10 aliwonse amapezeka naco.

Ku Zambia zinthu zinaoneka mosiyana. M'caka ca 1998 Dr Panganani Njobvu ndi anzake a pa cipatala ca University Teaching Hospital ku Lusaka anafalitsa zotsatira za kafukufuku wao. Iwo anaonetsa kuti nyamakazi ya gulu limeneli inali kupezeka mwa anthu 180 pa 100,000 aliwonse okhala ndi kacirombo ka HIV, pomwe mwa opanda kacirombo anali 15 cabe. Mwa odwala amene anapimidwa HLA-B27, palibe amene anapezeka naco.

M'caka ca 2005 Dr Njobvu, mogwirizana ndi akatswiri a ku Spain otsogozedwa ndi Carlos López-Larrea, analoza cizindikiro cina, HLA-B*5703. Cimeneci cimadziwika kuti cimacedwetsa HIV kufika pa Edzi, koma mwa odwala a ku Zambia cinayenderananso ndi kutupa kwa malo olumikizirana mafupa. Ici cikusonyeza kuti citetezo cimene cikulimbana mwamphamvu ndi kacirombo cingathenso kuyambitsa kutupa m'thupi lomwelo.

Phunziro loyamba kwa anthu a ku Luembe nlakuti kusapezeka kwa HLA-B27 m'magazi sikutsimikiza kuti munthu alibe matendawa. Banja limene lingagulitse mbuzi kuti litumize wodwala ku Lusaka, ulendo wa makilomita oposa 300 pa mseu wa Great East, kukafuna kupima kumeneku kokha, lingabwerere lopanda yankho.

Caciwiri, zambiri zofunika zingathe kuyambira pafupi. Wodwala afotokoze ngati mafupa amauma m'mawa kwa nthawi yopitirira theka la ola, ngati kutupa kunayamba pambuyo pa kutsegula m'mimba kapena matenda opatsirana pogonana, ndiponso ngati maso amafiira. Kupimitsa HIV nkofunika, popeza mankhwala a ma ARV amaperekedwa mwaulere m'zipatala za boma kuyambira mu 2005. Madokotala ayeneranso kuganizira TB ya msana, matenda a sickle cell ndi mafinya m'bondo, cifukwa zonsezi zimafanana ndi nyamakazi koma mankhwala ake ngosiyana.

Cacitatu ndi ngozi ya mankhwala ogula pa kantemba. Diclofenac ndi ibuprofen zimacepetsa ululu, koma kumwa kwa miyezi yambiri kumabweretsa zilonda za m'mimba ndi kuononga impso, makamaka kwa amene akumwa ARV wa tenofovir. Pa nyamakazi yochedwa rheumatoid, mankhwala ngati methotrexate amateteza mafupa bwino akayambidwa m'miyezi yoyambirira, koma amafuna kupima magazi kawirikawiri.

Conco nchito imene ili patsogolo pa Unduna wa Zaumoyo ndi kuphunzitsa anamwino ndi othandiza madokotala a m'zipatala zazing'ono kuzindikira kutupa msanga, ndi kutumiza odwala ku Nyimba, Minga kapena Chipata mafupa asanapindike.