Musanagulitse bwato, funsani mtundu wa viza

Aliyense wodutsa pa mlatho wa Chia pa msewu wa M5 amaona chambo chili mbwee m'mphepete mwa msewu, koma akacheza ndi anyamata ogulitsawo amva nkhani imodzi: Joni. Wina akufuna kugulitsa ukonde, wina bwato, wina munda wa mpunga, kuti apeze ya pasipoti ndi ya basi. Inetu sindiletsa munthu kupita. Nsomba zachepa, ntchito kulibe. Chomwe ndikukana ndi kunyamuka osadziwa kuti pepala lomwe wanyamulalo likulola chiyani.

Makolo athu ankapita pa Wenela ndi Teba. Ulendo wa Wenela udaimitsidwa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha a Malawi oposa 70, ndipo wa Teba udafa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 pa mkangano woyeza magazi. Kuipa kwake kudalipo, koma munthu ankadziwa kontirakiti yake ndi tsiku lobwerera. Lero ambiri akungodalira mawu a dobadoba.

Tiyeni tisiyanitse zinthu zitatu zomwe anthu amangozitcha "mapepala."

Choyamba ndi chidindo cha mlendo. M'Malawi akafika pa Beitbridge amapatsidwa masiku osapitirira 30. Awa ndi masiku ochezera abale kapena kupikula katundu, osati ogwirira ntchito. Kuyambira mu 2014 malamulo a ku South Africa amati wopitirira masiku ake amaletsedwa kulowanso: chaka chimodzi ngati wapitirira pang'ono, zaka zisanu ngati wapitirira masiku oposa 30. Ndipo, kupatula apa ndi apo, sungasinthe chidindo cha mlendo kukhala pemiti ya ntchito uli komweko. Umayenera kupempha uli kwanu. Ndiye amene akuti "ingofika, zinazo tikakonza konko" akukuperekezani ku Lindela, ku Krugersdorp, komwe amasungirako oyembekeza kuthamangitsidwa.

Chachiwiri ndi viza yomangirira kwa bwana mmodzi. Mu November 2023 achinyamata 221 adakwera ndege kupita kukalima ku Israel. Mu 2024 ena mwa a Malawi opita kumeneko adagwidwa n'kubwezedwa chifukwa chochoka m'minda kukasaka ntchito yolipira bwino. Chaka chomwecho wailesi ya BBC idaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi oposa 50 omwe adachita kupulumutsidwa ku Oman, komwe wantchito wa m'nyumba sangachoke popanda chilolezo cha bwana wake. Viza yotere ingakupatse ndalama, inde, koma si khomo lokakhazikika. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Chachitatu ndi viza yomwe zaka zake zimawerengedwa. Lamulo la South Africa la 2002 limati munthu amene wakhala ndi pemiti ya ntchito kwa zaka zisanu, ndipo ali ndi ntchito yokhazikika, angathe kupempha chilolezo chokhaliratu. Palinso viza ya maluso osowa, ya anthu monga mainjiniya. Koma njira imeneyi imafuna masatifiketi enieni, otsimikizidwa ndi bungwe la SAQA. Apa ndikulankhula ndi inu ophunzira: satifiketi yanuyo ndiye viza yoyamba. Ine amene ndidasiyira yunivesite panjira ndikudziwa kulemera kwa pepala lomwe ulibe.

Dziwaninso kuti makomo amatsekeka. Britain idaletsa osamalira okalamba kutenga mabanja awo mu March 2024, kenaka mu July 2025 idatsekeratu njira yolemba antchito otere kuchokera kunja. Mu August 2025 America idayamba kufuna chikole chofika madola 15,000 kwa a Malawi opempha viza yokacheza kapena ya bizinesi. Zomwe adakuuzani achimwene anu zaka zitatu zapitazo mwina zidatha ntchito kalekale.

Choncho musanapereke tambala kwa aliyense, mufunseni mafunso atatu. Kodi pepalali likundilola kugwira ntchito? Kodi bwana akandizunza ndingachoke osataya pepalalo? Kodi zaka zanga kumeneko zikuwerengedwa kuti tsiku lina ndidzakhazikike, mkazi ndi ana n'kunditsatira? Akayamba chibwibwi, bwezani ndalama m'thumba. Safunsa adadya phula.

Ena anena kuti, "A kolamu inu, msodzi wa pa Chia amene adalekezera Sitandade 8 angaipeze kuti viza ya maluso osowa?" Funso n'loona, ndipo yankho lake n'lowawa: njira yokakhazikika mwalamulo kwa munthu wotere ndi yopapatiza zedi. Koma kudziwa zimenezi n'kothandiza kale. Amene akudziwa kuti akupita kwa kanthawi sagulitsa bwato. Amasiyira mng'ono wake kuti pobwera adzapeze poyambira. Utchona umayamba pomwe munthu watentha kumbuyo pamene kutsogolo kulibe pepala.

Apa mpamene boma lathu liyenera kudzuka. South Africa idapereka mapemiti apadera kwa anthu a ku Zimbabwe ndi a ku Lesotho. Nanga ife, amene agogo athu adakumba golide wa ku Johannesburg, tidalakwanji? Mu 2015 boma lidatumiza mabasi kukatenga anthu athu othawa zipolowe. Kutumiza mabasi n'kwabwino, koma kukambirana za mapemiti n'kotchipa kuposa kunyamula maliro. Aphungu a ku Nkhotakota, nkhani ndi imeneyi. Kaifunseni ku Nyumba ya Malamulo.