Foni ili m'manja, nanga chiwongolero wagwira ndani?

Sabata yatha ndidakwera Sienta pa Mulanje Mission ulendo wa ku Limbe. Tisanafike n'komwe ku Luchenza, dalaivala adali atayankha foni kanayi konse. Dzanja lina pa khutu, lina pa chiwongolero, uku akuzemba akabaza ndi ana a sukulu. Mayi wina atadandaula, iye adangoti, "Amayi, makasitomala ndisawayankhe?" Chonsecho kutsogolo kwakeko kudali kasikirini kowala bwino, koma kolemba Chijapani chokhachokha.

Njira yothetsera vutoli ilipo kale. Kampani ya Apple idatulutsa CarPlay mu 2014, ya Google nayo idabweretsa Android Auto mu 2015. Foni imalumikizana ndi galimoto, dalaivala n'kumayankha, kumva uthenga kapena kulondola njira osaigwira. Koma opanga galimoto ena adachita chidodo. Toyota, imene yadzaza m'misewu yathuyi, idayamba kuika CarPlay mu 2018, ndipo Android Auto idachita kubwera pambuyo. Chifukwa chake n'chosabisika: makampaniwa safuna kuti mlendo azilamulira m'nyumba mwawo, n'kumadziwa kumene galimoto yapita ndi zimene mwini wake amakonda. Mu 2023 General Motors idalengeza kuti isiya kuika zonse ziwirizi m'galimoto zake zatsopano zamagetsi. Nayo Apple idaonetsa CarPlay yamakono mu 2022, koma idadzafika pamsewu mu 2025, ndiponso m'galimoto za Aston Martin, zoti wa geni ngati inu ndi ine amangoziona pa chithunzi.

Wina anganene kuti imeneyo ndi milandu ya anthu okhuta. Ayi ndithu. Ife timagula galimoto zimene anzathu a ku Japan atopa nazo, zodzera pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Tsono ku fakitale akachedwa zaka zinayi, kuno kuchedwako timakumva patatha zaka khumi. Probox ndi Passo zimene zikutsika lerozi zidapangidwa nthawi imene eni ake adali kukanganabe.

Ngakhale wailesi yeniyeniyo imatikana. Ku Japan wailesi za galimoto zakale zimagwira FM kuyambira 76 mpaka 90, pomwe kuno nyumba zoulutsira mawu zili pakati pa 87.5 ndi 108. Mapeto ake munthu wagula galimoto ya mamiliyoni koma nyumba zambiri zoulutsira mawu za m'dziko mwake sangazimve, mpaka akagulenso kachipangizo kowonjezera.

Ndiye titani? Poyamba, inu amalonda oitanitsa galimoto, nenani zoona. Musamaloze kasikirini n'kumati "ili ndi zonse" mukudziwa kuti mapu ake ndi a Tokyo. Nanu ogula, safunsa adadya phula: lumikizani foni yanu pomwepo, muyimbe, mumve ngati mawu akutuluka, kenako n'kutulutsa ndalama.

Kachiwiri, achinyamata amene muli m'sukulu za ntchito zamanja, apa pali buledi. Kuchotsa wailesi ya Chijapani n'kuikapo yomvana ndi foni ndi ntchito yofuna kudziwa mawaya, osati kulumikiza mwachisawawa mpaka batire kumatha usiku. Bwanji munthu wa ku Muloza kapena pa Chitakale achite kupita ku Limbe kukasaka mmisiri?

Koma chachikulu n'chakuti madalaivala asabisale kumbuyo kwa Toyota. Makina achedwe, asachedwe, galimoto ili ndi mabuleki. Foni ikalira, patukani, imani, yankhani. Kasitomala wodikira mphindi ziwiri safa, koma mwana wowombedwa pa msewu sabwerera.

Ndipo ife okwerafe tisiye manyazi. Mayi uja adalankhula yekha, enafe tidangoti zii, maso pa minda ya tiyi, ngati moyo umene udali pa chiswewo sudali wathu.