Kuona maso a nkhono n'kudekha: zaka 30 za Owen Gingerich

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wopupuluma amaigogoda, iyo n'kubwerera m'chigoba, iye n'kupita kukalengeza kumudzi kuti nkhono ilibe maso. Choipa n'chakuti anthu amamukhulupirira, chifukwa ndi iye amene wayamba kufika ndi nkhani.

Mu 1959 mlembi wotchuka Arthur Koestler anatulutsa buku lakuti The Sleepwalkers, lofotokoza mbiri ya akatswiri a zakuthambo. M'menemo ananena motsimikiza kuti buku la Nicolaus Copernicus, De revolutionibus, silinawerengedwe ndi munthu. Ili ndi buku lomwe linasindikizidwa ku Nuremberg mu 1543, chaka chomwe mwini wake anamwalira, lonena kuti dziko lapansi ndi limene limazungulira dzuwa. Mawu a Koestler anakoma m'khutu. Buku losintha dziko koma lopanda woliwerenga! Aphunzitsi anawabwereza m'makalasi, olemba anzake anawakopera, ndipo panapita zaka zoposa khumi popanda wina wopita kukafufuza limodzilimodzi makope otsala a buku la Copernicus kuti aone.

Amene anapita ndi Owen Gingerich, pulofesa wa sayansi ya zakuthambo ndi mbiri ya sayansi ku Harvard, yemwe anabadwira ku Iowa mu 1930. Mu 1970 ali ku Royal Observatory mumzinda wa Edinburgh anapatsidwa kope la 1543. Analipeza litadzaza ndi zolemba zapamanja m'mphepete mwa masamba, mpaka m'machaputala ovuta a kumapeto kumene munthu waulesi safikako. Atafufuza anapeza kuti dzanjalo linali la Erasmus Reinhold, mphunzitsi wa masamu ku Wittenberg, amene anagwiritsa ntchito mawerengero a Copernicus pokonza matebulo a kayendedwe ka mapulaneti a mu 1551. Munthu mmodzi, tsono, analiwerenga. Nanga ena?

Funso limeneli linamudyera zaka 30. Anaganiza zoona ndi maso ake kope lililonse lotsala la kusindikiza koyamba ndi la kwachiwiri, kwa ku Basel mu 1566. Anayenda m'malaibulale a mayunivesite, m'nyumba za amonke ndi m'makomo mwa anthu olemera osunga mabuku akale, kuphatikizapo m'mayiko a kum'mawa kwa Ulaya pa nthawi imene kuloledwa kulowako kunali ntchito payokha. Kope lililonse analiyeza masamba, kulemba za chikuto chake, mayina a eni ake akale ndi chilichonse cholembedwa m'mphepete. Kaundula wake anatuluka mu 2002 ali ndi makope pafupifupi 600. Mu 2004 anafotokoza ulendo wonsewo m'buku limene analitcha The Book Nobody Read, monyogodola Koestler.

Chimene anapeza n'chokoma kuposa kungogonjetsa Koestler, ndipo apa ndi pamene mwambi uja ukugwira ntchito yake. Akanakhala wothamanga akanaimira pa kope la Reinhold n'kulengeza kuti Ulaya yense analandira Copernicus ndi manja awiri. Sizinali choncho. Owerenga ambiri a zaka za m'ma 1500 ankadumpha masamba oyambirira onena za dzuwa kukhala pakati, osalembapo kanthu, n'kukakhazikika pa masamu a m'kati. Chimene chinawakopa chinali njira ya Copernicus yofotokozera kuyenda kwa mapulaneti ndi mizere yozungulira yoyenda pa liwiro losasintha, chinthu chimene katswiri wakale Ptolemy analephera kusunga. Nkhani imene ife timaitcha yaikulu, iwo ankaiona ngati chida chowerengera basi.

M'mphepete mwa masambamo munatulukanso zina. Zolemba za Reinhold zinapezeka zitakopedwa m'makope ena, umboni wakuti ophunzira ankatengera ndemanga za aphunzitsi awo kuchoka mzinda wina kupita wina. Kope la Johannes Kepler lili ndi chizindikiro chakuti mawu oyamba a bukuli opanda dzina, onena kuti za m'bukumo ndi zongoyerekeza, analemba ndi m'busa Andreas Osiander, osati Copernicus. Ndipo pamene Tchalitchi cha Katolika chinaimitsa bukuli mu 1616 n'kutulutsa mndandanda wa malo oyenera kukonzedwa mu 1620, kumvera kunali kwa apo ndi apo. Makope oposa theka a ku Italy anafufutidwa monga mwa lamulo, la Galileo lomwe, koma kunja kwa Italy, ngakhale ku Spain, pafupifupi onse anasiyidwa osakhudzidwa. Lamulo lolembedwa ku Roma likanangowerengedwa palokha, wolemba mbiri akanaganiza kuti mayiko onse a Chikatolika anagwada. Makope enieniwo akukana.

Kudekha sikunamuteteze ku kulakwa. M'zaka za m'ma 1970 analengeza kuti zolemba za m'kope lina la ku Vatican zinali za Tycho Brahe, katswiri wa ku Denmark. Dzina lalikulu, nkhani yokoma. Pambuyo pake zinaoneka kuti dzanjalo linali la Paul Wittich, wa masamu woyendayenda amene mbiri inali itamuiwala. Gingerich ndi mnzake Robert Westman analemba za munthuyu mu 1988, ndipo kulakwa kuja kunabala phindu: Wittich anaonekera kuti anali ndi gawo pa maganizo amene Tycho anadzatchuka nawo. Wofufuza amene akanaona kope limodzi lokha sakanakhala ndi dzanja lina lofananitsa nalo, ndipo dzina la Tycho likanakhala pomwepo mpaka lero.

Masiku ano mawu a mtundu wa Koestler akuchuluka ngati bowa wa m'dzinja. Chiganizo chimodzi chokoma chimayenda pa WhatsApp ndi Facebook tsiku limodzi n'kufika kumene buku la katswiri silidzafika. Makompyuta oyankha mafunso nawonso amaphunzira pa zimene zabwerezedwa kwambiri, choncho bodza lotchuka limakhala ndi mwayi woposa choonadi chogona m'laibulale. Paja amati kandimverere anakanena za m'maluwa. Ambiri a ife tikudalira akandimverere amene nawonso anatuma ena.

Vuto lenileni lili pa amene amalipira kudekha. Yunivesite ya lero imawerenga mapepala amene mphunzitsi watulutsa pa chaka, ndipo opereka ndalama za kafukufuku amafuna zotsatira m'zaka zitatu kapena zisanu. Wachinyamata wonena kuti akufuna kuyeza masamba a buku limodzi kwa zaka 30 angauzidwe kuti akaganizenso bwino. Kunena zoona, Gingerich anali ndi mwayi umene ambiri alibe: mpando wokhazikika ku Harvard ndi ku Smithsonian, ndi misonkhano ya kunja imene ankapezerapo mpata wopatukira ku laibulale. Kuyamikira mtima wake popanda kutchula malipiro ake a pamwezi kungakhale chinyengo.

Pali chinanso. Malaibulale ambiri akujambula mabuku akale n'kuwaika pa intaneti, zimene ndi zabwino, koma zikubweretsa maganizo akuti kope limodzi likajambulidwa, ena onse ndi obwereza. Kaundula wa 2002 akusonyeza kuti palibe makope awiri ofanana. Kusiyana kumeneku ndi kumene kunamuchititsa Gingerich kukhala mboni yothandiza apolisi pa makope obedwa m'malaibulale, popeza ankatha kuzindikira buku ngakhale wakuba atafufuta chidindo. Mitengo yake ndi yokopa mbava: mu 2008 kope la 1543 linagulitsidwa ku Christie's pa madola oposa 2 miliyoni. Gingerich anamwalira mu Meyi 2023, ndipo ogulitsa mabuku akale akamaika kope la Copernicus pa malonda amatchulabe nambala yake ya m'kaundula uja.