Mwana wa akaunti ayambire pa mpamba wa mayi ake

Makolo ambiri a ku Kawale ndi ku Area 23 akamva kuti mwana wawo wapeza malo ku Malawi College of Accountancy kapena ku MUBAS kuti akaphunzire za kayendetsedwe ka chuma, amayamba kumuona ali mu tayi, atakhala pa desiki ya banki ku City Centre. Sindikuwanena. Fizi imachokera m'mandasi ndi m'kaunjika, ndipo kholo lovutika chotero liyenera kulota zabwino. Koma mabanki m'dziko muno sakwana ndi khumi omwe, pomwe omaliza maphunzirowa akutuluka chaka ndi chaka.

Ine ndimasunga mabuku a banki m'khonde yathu, ndipo ndikunena motsimikiza kuti maphunzirowa ndi ofunika kwambiri. Kungoti ntchito yake yambiri ili konkuno kumakomboni.

Mu Novembala 2023 Reserve Bank of Malawi inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Wogulitsa masipeyala a galimoto ku Biwi amene anapitiriza kugulitsa pa mtengo wakale ankawerenga ndalama madzulo n'kumati wapindula, poti anagula motchipa. Tsiku lokaoda katundu wina ku Dar es Salaam litafika, ndalama yonse ija sinakwane kudzazanso mashelefu. Anadya mpamba akuyesa phindu. Mwana wa chaka choyamba ku koleji amaphunzitsidwa kuti mtengo uziikidwa poganizira ndalama yokagulira katundu wina mawa, koma nzeruyi imatsalira m'kope la mayeso, bambo ake akulira kuti malonda awalodza.

Kwathu ku gulu nkhani ndi ya chiwongoladzanja. Mayi akatenga K100,000 pa 20 peresenti pamwezi, amaona ngati K20,000 ndi yochepa. Akamangopereka chiwongoladzanja chokha osabweza ngongoleyo, chaka chikamatha wapereka K240,000, ndipo K100,000 ija ikadali pakhosi pake. Ndaonapo mayi wa tomato akuwerenga zala pamkeka, milomo ikunjenjemera, atazindikira kuti ndalama yogawana mu Disembala ithera ku ngongole. Mwana wake wamkazi anali ku koleji, akuphunzira zomwezi. Palibe anaganiza zomufunsa, nayenso sanaganize kuti kabuku kakuda ka mayi ake n'kofanana ndi zimene aphunzitsi amalemba pabolodi.

Apa ndi pamene mtima wanga umawawa. Tazolowetsa ana kuti akaunti ndi ya makampani a ku Kanengo okha. Komatu ogula ndi kugulitsa mtedza ku Mgona amagwira mamiliyoni nyengo yokolola, ambiri opanda buku lililonse kupatula mauthenga a Airtel Money ndi Mpamba m'foni. Akapita ku banki kukapempha ngongole amafunsidwa mabuku a bizinesi, n'kubwerera chimanjamanja, mapeto ake kwa akatapila. A MRA akabwera ndiye mantha okhaokha, chifukwa munthu sadziwa ngati msonkho akumuuzawo ndi woona.

Palinso china chimene mwana amachipeza pamkeka chomwe kalasi silingamupatse msanga: kukana. Azakhali ako akakupempha kuti ulembe kuti abweza pomwe sanabweze, n'kuwakana mwaulemu anthu akuona, wayamba kukhwima. Cashgate ya 2013, imene akatswiri a Baker Tilly anapeza kuti inasowetsa pafupifupi K24 biliyoni m'miyezi isanu ndi umodzi, inadutsa m'manja mwa anthu odziwa bwino makompyuta a boma a IFMIS. Masamu ankawatha, koma pomwe panafunika kunena kuti "ayi bwana, apa sindisayina" panasowa munthu.

Pempho langa kwa akuluakulu a makoleji ndi a bungwe la akatswiri a akaunti la ICAM ndi lakuti aganizire zovomereza kuti wophunzira amene wasowa malo a atachimenti ku kampani azitha kusunga mabuku a shopu, chigayo kapena gulu la ku Chinsapo kwa miyezi ingapo, mphunzitsi n'kubwera kudzayendera mabukuwo ndi kumupatsa malikisi. Eni bizinesi nafenso tisamugwiritse ntchito ulele poti ndi mwana wa aneba. Timupatse kangachepe ka minibasi ndi ka bando, ndipo malisiti onse tiwatulutse, ngakhale aja tinawapinda m'kachikwama ka m'chiuno.