"Good Morning" Ali ndi Malo Ake, "Wawa" Alinso ndi Ake

Pali dandaulo limene limveka kawirikawiri pakati pa akuluakulu a ku Namitete, Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Nambuma, lakuti ana a masiku ano sadziwa kupereka moni. Akuti mnyamata wa ku sekondale akakumana ndi nyakwawa panjira angokweza dzanja nati "Hi," osaima, osavula chipewa. Ambiri aika mlanduwu pa Chingerezi. Koma munthu woifatsira nkhaniyi apeza kuti Chingerezi chilibe chifukwa. Cholakwa nchakuti ana aphunzira mau a moni osaphunzira malo ake.

Pakuti nawonso eni chinenerocho ali ndi mwambo wao. Moni wao waulemu utsata dzuwa: "Good morning" kufikira 12 koloko masana, "Good afternoon" kufikira dzuwa litapendeka, "Good evening" kukamada. "Good night" si moni konse, koma kutsazika, kotero kuti wofika panyumba usiku ndi mau amenewa ali ngati mlendo amene aima pakhomo nati "Tsalani bwino." Palinso "How do you do?", moni wa anthu amene akumana koyamba, umene yankho lake ndi mau omwewo, ngakhale lero umveka mwa apo ndi apo. Ndipo "How are you?" afuna yankho lalifupi. Mchewa akafunsidwa kuti "Mwadzuka bwanji?" akhoza kufotokoza za malungo a mwana ndi za mvula imene yachedwa, wofunsayo namvetsera. Mngerezi sayembekeza zonsezo.

Pansi pa moni waulemu pali moni wa anthu ozolowerana, ndipo uwu usiyana dziko ndi dziko. "Hello" adafala pamodzi ndi telefoni, Thomas Edison atalimbikitsa mu 1877 kuti anthu aziyankha motero. Ku Texas amati "Howdy," ku Australia "G'day," ku Yorkshire "Ey up." M'madera ambiri a ku England munthu afunsa kuti "You alright?" osati chifukwa waona mnzake akudwala, koma kungompatsa moni. Anyamata obwera ku Joni abwera ndi "Howzit," ndipo mafilimu a ku Nigeria afikitsa "How far?" m'nyumba za kanema za pa Nsaru ndi pa Namitete. Mau onsewa ali ngati "Bho" ndi "Shapu" a anyamata a kabaza: akoma pakati pa amsinkhu umodzi, koma kumene adachokerako palibe munthu wanzeru amene awalankhula kwa woweruza mlandu kapena kwa bwana amene akumfunsa ntchito.

Chimene chisokoneza ana koposa ndi ichi. Chichewa chili ndi "iwe" ndi "inu," ndipo ulemu uli m'kati mwa mau enieniwo. Chingerezi chidali ndi "thou" wa munthu mmodzi wozolowerana naye, koma mauwa adayamba kutayika m'zaka za m'ma 1600, natsala "you" yekha wa mfumu ndi mwana yemwe. Tsono mwana wa ku Kabudula akaona kuti mphunzitsi wamkulu ndi mnzake wa pa benchi onse ndi "you," aganiza kuti chinenerochi chilibe ulemu. Sadziwa kuti ulemuwo adausamutsira kwina: pa "Sir" ndi "Madam," pa "Mr" ndi "Mrs" wotsatana ndi dzina la bambo, monga momwe Mchewa aitanira mnzake kuti aPhiri kapena Nabanda.

Nkhaniyi si yaing'ono. Kuyambira 1968, pamene Chichewa chidakhazikitsidwa kukhala chinenero cha fuko, Chingerezi chakhalabe chinenero cha maofesi, makhoti ndi Nyumba ya Malamulo. Lamulo la maphunziro la 2013 lidati Chingerezi ndicho chophunzitsira m'sukulu, ndipo wolephera Chingerezi salandira setifiketi ya MSCE. Mtsikana wa ku Mpingu wofuna ntchito pa malo a kafukufuku wa ulimi ku Chitedze, kapena pa chipatala cha St Gabriel's chimene masisitere a ku Luxembourg adatsegula ku Namitete mu 1959, ayamba kuyesedwa pa mau ake oyamba, mapepala ake asanatsegulidwe. Akalowa ndi "Hi" wa pa WhatsApp wadzitchera yekha msampha. Momwemonso mlangizi wa zaulimi amene afika pabwalo la mfumu ndi "Good morning," anthu atakhala pansi kuyembekeza "Wawa" ndi kuomba m'manja, adzabwerera uthenga wake wa feteleza usanalowe m'khutu la munthu.

Ena adzati dziko lasintha, ndipo moni ndi mau chabe. Nzoona kuti zinenero zibwerekana. Akatswiri ena amati ngakhale liu lakuti "moni" lidachokera ku "morning" wa azungu oyamba, ndipo lero palibe aliyesa lachilendo. Koma Achewa adalitenga naliveka ulemu wao, nati "Moni bambo," "Moni mayi," dzanja lina litagwira mkono. Kubwereka sikulakwa. Kulakwa nkubwereka khasu osadziwa munda wolima nalo. Pa mudzi moni agwira ntchito: ndiye atsegula khomo ndi "Odi," ndiye adziwitsa kuti kwakuti kuli matenda, ndiye ayamba kuyanjanitsa anthu amene adakangana pa malire a dimba.

Motero aphunzitsi a m'madera awa achita bwino kuleka kukhutira ndi nyimbo ya m'mawa uliwonse, yakuti ana aimirire nayankhe pamodzi kuti ali bwino. Aphunzitse moni uliwonse pamodzi ndi mwini wake ndi nthawi yake: uwu ngwa mnzako, uwu ngwa mkulu wa ofesi, uwu ngwa pa telefoni. Makolo ndi makomiti a sukulu nawonso asaope kudzudzula mwana chifukwa chakuti walankhula Chingerezi chimene iwo sachimva, pakuti kuimirira, kuvula chipewa ndi kugwada sizifuna womasulira. Mwana amene adziwa kunena "Good afternoon, Madam" mu ofesi ya ku Lilongwe ndi "Mwaswera bwanji, agogo?" pa Nambuma ndiye wophunzira weniweni, ndipo ndi wotere amene dziko lino limfuna.